Zam'mphepete mwa Keke ya Asisi

Lolemba, 3 Juni

A Nesi abwera ndi sikelo yawo m'mawa uno. Asisi akwerapo atandigwira paphewa, ine maso ali kudenga ngati sizikundikhudza. Yatsikanso. A Nesi angondikodola, tapita kukhitchini, atseka chitseko.

Akuti thupi likutha msanga kuposa mmene amayembekezera. Akuti Lolemba likubwerali akadzapeza sikelo yatsikanso, basi, Asisi akagonekedwa kuchipatala, akawaike kapaipi kodyetsera m'mphuno. "Muwanyengerere, mayi. Chilichonse chimene angafune, ngakhale pang'ono pokha."

Kuwanyengerera Asisi! A Nesi sakuwadziwa bwino anthu ake.

Asisi amva zonse. Khansa yawadya zambiri koma makutu yawasiyira. Nditangolowa akuti, "Kuchipatala kuja sindibwererako. Unandilonjeza." Zoona, ndinalonjeza, mwezi watha titatuluka m'wodi muja. Ndinati mudzakhala pabedi lanu mpaka mapeto, ndikadali moyo ine palibe adzakunyamuleni.

Ndawafunsa chimene angadye. Supu ayi. Nthochi ayi. Yogati akuti ikununkha mankhwala. Kenako akuti, "Keke ya tchizi. Ya zipatso pamwamba. Yanga ija."

Ndaseka, ndimayesa akucheza. Zaka zonsezi wophika makeke pakhomo pano ndi iwo, a maukwati, a masiku obadwa, anthu kuchita kulimbirana. Ine ndine wa kuhadiweya, ndimadziwa simenti, misomali ndi penti. Kukhitchini kwawo ndinkaloledwa chinthu chimodzi chokha: kukhala pakampando kapulasitiki pafupi ndi sinki n'kumadikira zam'mphepete. Keke ya tchizi amaidula tizidutswa totalika ngati sopo wochapira, koma asanayambe amachotsa kaye m'mbali monse muja, mokhotakhota, mopserera pang'ono, n'kuika m'kambale kobiriwira kobenthuka pakamwa. Kambale kanga. Kuyambira ndili mtsikana mpaka pano imvi zayamba kutuluka, ndimadya zam'mphepete. Iwo sindinawaonepo atakhala pansi kudya keke yawo.

"Imeneyo sindidziwa kuphika," ndatero.

"Ndikudziwa kuti sudziwa. Uzisiya chitseko chotsegula."

Kanyerere wamva mawu akuti keke akadali pakhonde ndi chikwama chake cha kusukulu. Mwana mmodzi yekhayo wa Asisi, zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo dzinalo tinam'patsa chifukwa pamene pali shuga sachedwa kufikapo. Za bambo wake sitikamba. Wavina m'khonde monse. Amayi ake adwala kwa nthawi yaitali moti fungo la keke analiiwala.

Abwana a kuhadiweya andipatsa sabata imodzi yatchuthi, nkhope atakwinya ngati ndawapempha impso.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndagula tchizi chofewa, mabisiketi, batala, mazira, mandimu ndi mabulosi. Thireyi yawo ya makona anayi ndaipeza pansi pa kabati itachita fumbi.

Mawu awo safika kukhitchini, ndiye tapangana kuti ndikalakwa azigogoda tambula ndi supuni. Ndimayesa sagogoda kawirikawiri, poti sakundiona. Ha! Amamva ndi makutu. Ndisanafike n'pakati pomwe, ngwe ngwe ngwe, ine thamangu kuchipinda, manja ali mafuta okhaokha.

Mabisiketi ndawaphwanya ndi botolo m'pepala lapulasitiki, ndathira batala wosungunula mpaka zaoneka ngati mchenga wonyowa. Apa pokha ndiye ndinafika kwathu. Ndatsendera m'thireyi ndi kunsi kwa kapu, faundeshoni yabwinobwino, yosalala, ngakhale mmisiri akanaigomera. Sanagogode.

Pa tchizi m'pamene zavuta. Afunsa, "Unachitulutsa mufiriji m'mawa?" Ndati eya. Sindinachitulutse, ndinaiwala, ndipo ndinaona ngati n'zachibwana. Tchizi ndi tchizi. Ndamenya ndi makina awo aja, ndathira shuga, ndaswera mazira onse pakamodzi. Ngwe ngwe ngwe.

"Dzira limodzilimodzi! Ndipo zimitsa makinawo, ukufuna thovu lochapira?"

Itapsa ndatenga mpeni. Ngwe ngwe ngwe.

"Keke imeneyo sidyedwa tsiku lophika. Izizire, kenako ikagone mufiriji mpaka mawa."

"Asisi, masiku tilibe."

"Keke sidziwa zimenezo."

Lero amwa madzi ndi mkaka wosakwana theka la kapu.

Lachitatu, 5 Juni

Ndaphika mabulosi ndi shuga, ndadikira azizire, ndathira pamwamba. Kunena zoona imaoneka bwino. Ndawatengera kachidutswa kapakatikati, pambale yoyera, ndi foloko yaing'ono.

Ayang'ana. Akanikiza ndi foloko. Aika kakang'ono pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Mibulu. Tchizi chinali chozizira. Unandinamiza. Phikanso."

Basi. Mbale yabwerera mmene inapitira. Ndinafuna kuwauza kuti munthu amene akutha ngati kandulo sasankha mibulu, koma ndameza mawu. Yotsalayo ndapereka kwa aneba, ina K., Kanyerere wathu uja, wadya mpaka milomo kuda.

Yachiwiri ndaphika masana. Tchizi ndinachitulutsa kale, mazira limodzilimodzi. Fungo litafika kuchipinda, ngwe ngwe ngwe, "Zimitsa uvuni!" Ndatsegula, ndagwedeza thireyi, pakati pakugwedezeka, pooneka kuti sipanapse. Munthu wodwala ndimupatse mazira osapsa? Ndatseka mwakachetechete, ndaisiya ipse bwino. Potulutsa inali itatupa, yofiirira, yokongola. Ndisanamalize kutsuka mbale yaphwa, n'kung'ambika pakati kuchokera uku mpaka uko, ngati khoma la munthu woumira simenti.

Lachinayi, 6 Juni

Mng'alu ndaukwirira ndi mabulosi. Ndathira ambiri, ndasalaza ndi supuni, palibe akanadziwa.

Asisi akuti ndibweretse thireyi yonse ndisanadule. Aiika pamiyendo, atenga foloko, akankhira mabulosi pambali pamalo penipeni pamene pali mng'alupo, ngati anaona ndikubisa.

"Zobisa ming'alu ndi penti uzikachita kuntchito kwanu. Ndinati zimitsa, iwe n'kuwonjezera moto. Yauma. Phikanso."

"Talawani kaye."

Alawa kakang'ono, atembenukira kukhoma.

Ndatuluka ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Asisi akhala akundilamula moyo wanga wonse. Amayi atamwalira anandilera ndi iwo, anandiluka tsitsi, anandikaniza anyamata, anandipezera ntchito. Sindinawayankhepo mwano. Koma lero andikwana. Akusewera ndi moyo wawo chifukwa cha mng'alu umene ngakhale sukhudza kukoma.

Madzulo ndawasambitsa. Msana wawo ndi mafupa okhaokha, ndimachita kuopa kukhula. Mphete yawo imavuka yokha, tsopano aimangirira pakachingwe m'khosi. Dzanja lija linkakanda ufa wa keke ya nsanjika zitatu likulephera kufinya kansalu. Ndikuopa. Ndilembe pano poti ndilibe womuuza: ndikuopa kwambiri, ndipo mantha anga akutuluka ngati mkwiyo.

K. wandifunsa ngati amayi ake achire akadya keke. Ndamuuza kuti akatsuke mano.

Lachisanu, 7 Juni

Yachitatu. Zonse ndatsata, sanagogode kwambiri. Koma lero ndi Lachisanu ndipo munthu sanadye, ndiye ndaidula madzulo isanagone. Yangoyenderera m'thireyi, mabulosi otentha kusakanikirana ndi tchizi, matope enieni. Ndalira choimirira, mpeni uli m'manja.

Kuchipinda angoti, "Ndaumva mpeniwo."

Loweruka, 8 Juni

Ndimasintha nsalu za pabedi Asisi ali kubafa. Pakati pa matiresi ndi khoma ndapeza matishu okulungakulunga, onse amadontho a mabulosi. Mkati mwake muli tizidutswa ta keke, tosatafuna n'komwe. Tija timene analawa sabata ino.

K. anali pakhomo. Wayang'ana matishuwo, wayang'ana ine. "Amayi sameza," watero. "Akuti pakhosi pamawotcha. Ena ndinakataya ndine. Anati ndisakuuzeni, mungadandaule."

Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndamutumiza kwa aneba, ndaimbira a Nesi. Akuti zilonda za m'kamwa n'kutheka zatsikira kukhosi, ndipo kukoma Asisi anasiya kale kumva, mankhwala a khansa amapha lilime, chilichonse chimangomveka ngati chitsulo. "Simunadziwe, mayi?" Sindinadziwe. Ndimagona chipinda choyandikana nawo, ndimawasambitsa, ndipo sindinadziwe.

Ndalowa ndi matishuwo m'manja. Ulemu wonse ndinausiya kukhitchini.

"Sabata yonse mwandiimika pa uvuni, mibulu, mng'alu, phikanso, phikanso, chonsecho mukudziwa kuti simumeza! Simukumva n'kukoma komwe! Mukundizunziranji? Ndinakulakwirani chiyani?"

"Khala pansi."

"Sindikhala!"

"Chabwino, ima. Pa 20 mwezi wamawa ndi tsiku lanji?"

Ndinadziwa asanamalize. Tsiku lobadwa la K. Chaka chilichonse, chibadwire, amayi ake amam'phikira keke imeneyi. Anthu ena amaitanitsa za maluwa ndi zidole, iye amafuna ya tchizi ya mabulosi, yodula ngati sopo.

"Ukuganiza kuti adzam'phikire ndani?"

Ndakhala pansi.

Akuti akanandiuza zoona ndikanakana. Ndikanati musalankhule zoopsa, mudzaphika nokha, ndipo thireyi ikanakhalabe pansi pa kabati. "Ndimakudziwa iwe. Kuphunzira sukanalola. Koma zoti ine ndidye, ukanaphika ngakhale kakhumi." Alankhula pang'onopang'ono, akupumira m'njira, mawu akuchita kukhula pakhosi.

"Nanga Lolemba?"

"Lolemba ndipita."

"Ndinakulonjezani."

"Ndakumasula. Mwana wayamba kundibisira matishu. Sindifuna kuti m'mawa wina adzalowe muno ndi chikwama chake kudzatsanzika, n'kukhala iye woyamba kundipeza."

Ndaika mutu pamiyendo pawo. Andisisita m'mutu ngati kale, kenako akuti, "Tsitsi lakoli likununkha batala wopserera. Mawa utulutse tchizi m'mawa."

Lamulungu, 9 Juni

Tchizi ndi mazira ndatulutsa nditangodzuka. K. wapita kutchalitchi ndi aneba.

Asisi akuti lero tambula ipume, ndiwanyamule. Ndakokera mpando wa pabalaza kukhitchini, ndaikapo mapilo, ndawanyamula m'manja. Thumba la simenti limalemera kuposa iwo. Ayang'ana khitchini yawo yonse, mashelefu, makina, zikombole zawo zopachika pakhoma, n'kunena kuti ndasokoneza malo a supuni.

Faundeshoni anangogwedeza mutu. Tchizi chofewa chimamenyeka mosavuta, chosalala ngati penti watsopano, ndinachita manyazi pokumbukira za Lachiwiri. Shuga. Dzira limodzi, kusakaniza pang'ono, kuima. Lina. Madzi a ndimu. Akuti mpweya ndiye mdani, ukamenya kwambiri keke imatupa ndi matama, kenako imagwa. Ndathira m'thireyi, ndaigogoda patebulo kuti thovu lituluke. Moto wochepa.

Podikira sitinalankhule zambiri. Anandiuza kumene kuli kadi la kuchipatala la K., ndi zoti nsapato zake za kusukulu zayamba kum'thina koma sanena. Zoti akamanama amagwira khutu. Ine ndimangoti eya, eya, maso ali pagalasi la uvuni.

Fungo sakulimvanso bwino, akuti Lachitatu lija anangowerengera nthawi. Lero anati ndikokere mpando pafupi, nditsegule. Agwira dzanja langa pamkono, tagwedeza thireyi limodzi.

"Waona? M'mbali mwalimba, pakati pokha pakugwedezeka ngati mimba ya abwana ako akamaseka. Pamenepo zimitsa. Usaope. Imamaliza yokha kupsa."

Abwana saseka, koma ndamva. Ndazimitsa, ndapinga chitseko cha uvuni ndi supuni yamtengo kuti kutentha kuzituluka pang'onopang'ono. Akuti keke imeneyi sifuna kudzidzimutsidwa.

Za mpeni andiphunzitsa pa thabwa lopanda kanthu, poti mawa mwina mpata sudzapezeka. Mpeni wawo wautali uja. Kuuviika m'madzi otentha, kupukuta, kudula kamodzi osacheka, kupukutanso. Kuyamba ndi zam'mphepete.

"Zam'mphepete n'zotaya kodi?" ndafunsa dala.

"Zinali ndi mwini wake wosusuka," atero.

Yazizira yopanda mng'alu. Yoyera, yosalala. Ndayang'ana Asisi kuti anene kanthu, ndapeza agona, kukamwa kuli yasa, mutu utapendekera paphewa. Ndaika keke mufiriji mosachita phokoso.

Lolemba, 10 Juni

A Nesi sikelo sanaitulutse n'komwe m'chikwama. Angowayang'ana Asisi, kenako ine, n'kuimba foni yoitanitsa galimoto ya kuchipatala.

K. anali atapita kale kusukulu. Amayi ake anam'pesa okha, zinatenga nthawi, mzere wake wokhota, koma mwana anakhala phee osadandaula.

Anyamata a galimoto akuwadutsitsa pakhonde, Asisi akweza dzanja. Akuti kukhitchini kaye. A Nesi ayang'ana wotchi koma alola. Ndatsegula firiji, ndatulutsa thireyi, ndaifikitsa pafupi. Akanikiza ndi chala pakona, pang'ono. Chala chasiya kadzenje.

"Yagona bwino."

Ndadikira. Sanawonjezere. Tili pakhomo akuti, "Zipatso usathire zotentha."

Ndiwo mawu awo omaliza m'nyumba muno. Zaka zonsezi akhalamo, ndipo atuluka akukamba za mabulosi.

Ndabwerako madzulo. Bedi lawo sindinalikhudze. Tambula ndi supuni zili pomwepo.

Lachiwiri, 11 Juni

Kapaipi awaika. Anayesa kukachotsa, awamanga dzanja ndi kansalu. Sakulankhula.

Lachitatu, 12 Juni

Adokotala andiitanira panja pa wodi, pamene pali benchi. Ndikudziwa kale tanthauzo la benchi imeneyo. Akuti ndidziwitse achibale. Ndati achibale ndi ine ndi mwana. Akuti ndiye mwanayo mubwere naye mawa, musachedwe.

Abwana aimba kufunsa ngati ndayamba kuiwala njira ya kuntchito. Ndadula foni.

Keke ikadali mufiriji, yopanda zipatso, kadzenje ka chala kali pakona. Lero ndatsegula firiji kangapo, ndikuyang'ana, ndikutseka. Sindingaidule. Ndikaidula ndiye kuti sabata ija yatha.

K. ndamuuza kuti mawa sapita kusukulu, tikaona Amayi. Sanafunse chifukwa. Ndinayamba kumuuza kuti Amayi apezako bwino, ndinaona ndagwira khutu langa, ndasiya.

Lachinayi, 13 Juni

Ndadzuka ndapeza K. waima kutsogolo kwa firiji yotsegula, atavala kale diresi lake la kutchalitchi, mabatani atasemphanitsa.

"Iwonongeka, Amayi aang'ono. Amayi amati sikhalitsa."

Ndam'konza mabatani. Ndaika mabulosi pamoto ndi shuga, ndawathira m'mbale yotambalala kuti azizire msanga, tadikira. Iye amaika chala pafupipafupi. "Akadali ofunda." Kenako, "Tsopano azizira."

Ndathira pamwamba ponse, kupatula pakona paja. Pamenepo ndazungulira. K. waona.

Ndawiritsa madzi. Ndaviika mpeni, ndapukuta. Kudula kamodzi osacheka. Mpeni watsika bwinobwino mpaka pa faundeshoni, m'mbali mwa keke muli mosalala, mulibe m'bulu ngakhale umodzi. Kona ya chala ndaidula payokha, ndaiika m'kabokosi, ndabweza mufiriji.

Zam'mphepete zinazo ndaika m'kambale kobiriwira. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita okha. Ndatembenuka kuti ndikakhale pakampando kanga pafupi ndi sinki, ndapeza K. wakhalapo kale, miyendo ili lendelende, manja atatambasula.

Ndam'patsa.

Wadya mwakachetechete, akuyamba ndi mopserera monga ndimachitira ine. Atamaliza wanyambita chala, osandiyang'ana.

"Ya tsiku langa mudzaike mabulosi ambiri."

"Ndidzaika."

Ndaviikanso mpeni m'madzi otentha, ndapukuta, ndayamba kudula zapakati.